Mlandu wa Sola ya Nazimbiri

Ufumu wa Ndiweyani unali ndi magetsi. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa pali anthu amiseche amene amati kunalibe. Mapolo analipo, mawaya analipo, ndipo akhwangwala ankatera pamawayapo tsiku lonse osaopa kanthu. Magetsi enieniwo ankabwera ngati mkamwini wamanyazi, kufika anthu atagona n'kuchoka asanadzuke. Kumene ankakhala osasuntha ndi pa phiri la Kwayera, kunyumba kwa Mfumu Sindilakwa, kumene ngakhale khola la nkhumba linali ndi babu lakelake.

Kampani ya magetsi inali imodzi yokha, dzina lake Walani, ndipo mwini wake anali a Dyeratu, mlamu wa mfumu. Akunyumba yachifumu ankati zimenezi zinangochitika mwangozi.

Kumunsi kwa phirilo kunali msika wa Pirirani, ndipo mumsikamo munali mayi wina dzina lake Nazimbiri. Mayiyu anagulitsa dimba lake, lokhalo limene amayi ake anamusiyira, n'kugula sola imodzi yaikulu ngati chitseko, pamodzi ndi batire. Abale ake anati wazungulira mutu. Iye ankangoiimika padzuwa patsogolo pa kachisakasa kake n'kumatchaja mafoni a msika wonse, a ogulitsa usipa, a akabaza, a amayi a mandasi, mpaka a apolisi amene.

"Munda wanga ndi uwu," ankatero m'mawa uliwonse akuipukuta ndi chitenje chakale. "Sufuna feteleza, sufuna khasu."

Kwina kobwerera analibe. Sola ija ikanawonongeka, Nazimbiri akanatsala ndi chitenje chopukutiracho basi. Musamuiwale mayiyu, tikumana nayenso. Tiyeni tikalandire kaye a Pulofesa.

Pulofesa Barinaba Mkwapatira anakaphunzira za chuma kutsidya la nyanja, kumayiko kumene munthu akadina pakhoma nyumba imawala. Atabwerako anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya Kadziwe, ndipo nyimbo yake inali imodzi: wogulitsa akakhala yekha, wogula amalira. Ophunzira ankailoweza ngati katekisimu. Ndipo ndinene mosakondera, munthuyu sanali chitsiru ayi. Ankadziwa za magetsi, za mafuta, za mitengo ya zinthu, ndipo tsiku lina m'kalasi anatchula a Dyeratu ndi dzina, n'kunena kuti mdima wa m'dzikomo unali ndi mwini wake.

Mawu alibe miyendo koma amakwera phiri. Nkhani inafika ku Kwayera dzuwa lisanalowe.

Ku Ndiweyani munthu wolongolola amamutseka pakamwa m'njira ziwiri, ndende kapena mpando. Mwamwayi wa a Pulofesa, chaka chimenecho ndende inali yodzaza.

Tsono mudziwe mwambo wa kumeneko. Mfumu ikafuna kupatsa munthu udindo imamuimbira foni, ndipo imaimba kamodzi. Ukayankha, mpando ndi wako. Ikakupeza foni ili yothima ndiye kuti wanyoza mfumu, mpando upita kwa wina. N'chifukwa chake akuluakulu onse a ku Ndiweyani ankalowa ndi foni m'bafa, ndipo pamaliro ankalira ndi diso limodzi, linalo lili m'thumba. Mfumu itawaimbira, a Pulofesa anayankha foni isanamalize n'kulira komwe, ndipo m'mawa mwake anadzuka ali Mlangizi wa Mfumu pa za Magetsi ndi Mafuta.

Pamsonkhano wawo woyamba anaimirira pamaso pa mfumu ndi nduna zonse, buku lili kukhwapa, n'kuyankhula mpaka thukuta.

"Wolemekezeka mfumu," anatero, "vuto la Walani n'lakuti ili yokha. Kampaniyi igawidwe patatu. Ena azipanga magetsi, ena aziwatumiza m'mawaya, ena azitolera ndalama. Akamapikisana, dziko liwala."

Nduna zinayang'ana a Dyeratu, kenako zinayang'ana pansi. Koma mfumu inawomba m'manja.

"Kugawa! Abale, bwanji simunanene kale? A Chikalekale, tauzeni Pulofesayu mwambo wathu."

A Chikalekale anali Nduna ya Miyambo, nkhalamba imene inkagona m'misonkhano yonse n'kumadzidzimuka pokhapokha pakatchulidwa chakudya. Anakhosomola.

"Kuno kwathu, mwana wanga, chinthu chilichonse chikagawidwa, mwendo umapita kunyumba yachifumu. Ng'ombe, mbuzi, gwape, chilichonse. Tsono ine ndaiyang'ana bwinobwino kampaniyi. Ilibe mutu, ilibe nthiti. Paliponse ndi mwendo."

Basitu, Walani inagawidwa. Gawo lopanga magetsi analitcha Pangani, n'kulisiya m'manja mwa a Dyeratu. Gawo la mawaya analitcha Tumizani, n'kulipereka kwa mwana wawo woyamba. Gawo lotolera ndalama analitcha Lipirani, n'kulipereka kwa akazi awo, omwe ndi mlongo wake wa mfumu. A Pulofesa anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma nthawi yomweyo anawaveka mendulo m'khosi. Mendulo ya ku Ndiweyani ndi yolemera, imakokera mutu pansi, ndipo woonera patali amayesa kuti munthu akuvomera.

Magetsi sanabwere. Ukafunsa a Pangani ankati ife tinapanga, funsani a Tumizani. A Tumizani ankati ife tinatumiza, mwina anasochera. A Lipirani okha ndiwo ankagwira ntchito molimbika, moti ankafika pakhomo panu mvula ikugwa, ngakhale tsiku la Khirisimasi.

"Kale tinkatukwana munthu mmodzi," anatero Kaduya, wometa wa mumsika wa Pirirani, akunola lezala lake chifukwa makina ometera anali atachita dzimbiri. "Pano tikutukwana atatu. Chitukuko chimenechi, amangwetu."

Ataona kuti ntchito yayenda bwino chonchi, mfumu inaimbanso foni, ndipo a Pulofesa anakhala mkulu woona za mitengo ya mafuta. Nduna zinawapempha kuti mtengo utsike chisankho cha makhansala chisanafike. Iwo ankadziwa bwino lomwe zimene zimachitika ukalamula mtengo ngati ukulamula mwana, chifukwa anali atalembapo buku lathunthu. Komabe anasaina. Mtengo unatsikadi, ndipo mafuta onse anatsika nawo, kutsetsereka mpaka kuwoloka malire. Kuyambira pamenepo mafuta ku Ndiweyani anali otchipa kuposa kwina kulikonse, kungoti sankapezeka. Galimoto ya boma ya a Pulofesa inkayenda mokankhidwa ndi amesenjala, iwo atakhala kumbuyo akuwerenga nyuzipepala. Anawavekanso mendulo ina.

Mpando wachitatu ndiwo anaukonda kuposa yonse. Anakhala Wapampando wa Bwalo Loona za Mpikisano pa Malonda, ndipo lamulo la bwalolo analemba okha ndi dzanja lawo. Linkati aliyense wogulitsa chinthu ali yekha, popanda wopikisana naye, malonda ake agawidwe pakati. Anthu ankalitcha Lamulo la Mkwapatira, ndipo mwini dzina akalimva likutchulidwa pawailesi ankakweza mawu kuti akazi awo amve kukhitchini.

Koma zaka zinadutsa bwalolo osaweruza mlandu ndi umodzi womwe. Likanaweruza ndani? Shuga, simenti, sopo, zonse zinali zitagawidwa kale pakati pa asuweni a mfumu, ndipo asuweniwo ankapikisana mwaulemu kwambiri, kukweza mitengo tsiku limodzi kuti pasakhale wokhumudwa. Nduna ya Chuma inayamba kung'ung'udza kuti bwalo lopanda mlandu likungodya ndalama, litsekedwe, galimoto ndi amesenjala zipatsidwe ena. Nthawi yomweyo mpando wa Nduna ya Kuwala unali wopanda munthu, ndipo kunamveka kuti Lachisanu mfumu iimba foni. A Pulofesa anasowa tulo. Ankafuna mlandu monga momwe wodwala malungo amafunira bulangete.

Mlandu unabwera wokha. Makampani atatu aja, Pangani, Tumizani ndi Lipirani, anadandaula kuti mumsika wa Pirirani muli mayi wina amene walanda malonda onse otchaja mafoni.

Lachiwiri bwalo linadzaza mpaka m'mawindo. Nazimbiri anabwera atavala chitenje chake chopitira kutchalitchi, n'kukhala pabenchi yakutsogolo manja ali pamiyendo. A Pulofesa anakhala pamwamba, mamendulo ali pachifuwa, foni ili pambali pa dzanja lamanja.

"Mayi," anayamba, "mumsika wa Pirirani alipo wina wotchaja mafoni kupatula inu?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye kuti muli nokha?"

"Ndili ndekha, bwana. Awawa akanamabwera ndi magetsi awo tikanakhala anayi."

Anthu anaseka mpaka wapolisi anamenya tebulo. A Dyeratu anaimirira, mimba ili patsogolo.

"Mwamva nokha, a Wapampando, wavomera ndi pakamwa pake. Ife makampani atatu tikupikisana mwamtendere monga munatiphunzitsira. Mawaya athu anafika mumsikamo kalekale. Koma kasitomala ndi mmodzi yemwe sabwera kwa ife. Onse amathamangira kwa mayiyu, chifukwa chakuti iye magetsi ake amayaka. Kodi umenewu ndi mpikisano wachilungamo?"

"Mayi," anafunsanso a Pulofesa, "munaletsapo wina kugula sola yake?"

"Ine ayi, bwana. Amene analetsa masola kulowa m'dziko muno ndi boma, chaka chimene ndinagula yangayi. Anati akuteteza makampani a awawa. Pawailesi anati mwasaina ndinu."

A Pulofesa anamwa madzi.

Apa ndiye panali pamphambano, ndipo iwo ankadziwa. Mlandu ngati uwu ankaupereka pamayeso kwa ana a chaka choyamba ku Kadziwe, ndipo wolephera ankamulemba ndi inki yofiira. Kuti amasule Nazimbiri pankafunika mawu ochepa chabe: kuti makampani atatuwa ndi banja limodzi lodyera mbale imodzi, ndipo m'mawaya awo mulibe kanthu. Koma kunena zimenezo kunali kunena kuti kugawa kwa Walani, chinthu chimene chinawapatsa dzina, kunali kusewera. Kunalinso kunena zimenezo Lachisanu lisanafike.

Nazimbiri anaona mmene nkhope yawo inkayendera, ndipo mantha anamugwira. Anatsika pabenchi n'kugwada pasimenti.

"Bwana, ndapota nanu. Ndilipitseni chindapusa, ndilipira pang'onopang'ono. Nditsitsireni mtengo, nditsitsa. Koma musaicheke. Si buledi ameneyu, mukaidula yafa. Dimba ndinagulitsa, bwana, ndilibe kwina kopita. Ngakhale foni yanuyo imadya kwa ine. Mesenjala wanu amabwera nayo m'mawa uliwonse, ndipo lero waitenga isanadzaze."

A Pulofesa anabisa foni ija ndi pepala. Kenako anayang'ana kudenga, kumene kunali babu lakufa lokutidwa ndi ukonde wa akangaude, ndipo anaweruza akuyang'ana komweko.

"Mayi, chimene simukumvetsa n'chakuti theka ndi theka zikasiyana zidzayamba kupikisana, ndipo wopindula ndi wogula. Lamulo ndi lamulo. Sola igawidwe pakati."

A Dyeratu anawomba m'manja. Nduna ya Chuma inati bwalo lotere silingatsekedwe.

Anaichekera mumsika momwemo, masana dzuwa lili paliwombo, kuti anthu aphunzirepo. Anaitana kalipentala, ndipo iye anafika ndi sowo yake, n'kuizungulira sola ija akukanda mutu.

"Bwana, ndicheke mulitali kapena mopingasa?"

"Lamulo silinena," anayankha a Pulofesa.

Anacheka mopingasa. Galasi linalira, tizidutswa tinathethekera pansi, ndipo ntchito inatenga nthawi chifukwa chinthucho chinali cholimba, chopangidwa kuti chikhale zaka zambiri. Anthu a ku Pirirani amaseka chilichonse, amaseka njala, amaseka msonkho, koma tsiku limenelo palibe anaseka. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo ngakhale Kaduya anavula chipewa.

Sowo itangotulukira mbali inayo, a Chikalekale anatulukira m'gulu la anthu ngati kuti anamva fungo.

"Chagawidwa, eti? Mwendo wa kunyumba yachifumu."

Anasankha theka limene linali ndi mawaya. Kenako analoza batire.

"Ichi ndi chiwindi. Chiwindi amadya ndi akulu."

Amesenjala ananyamula. Nazimbiri sanalire pagulu. Anatola theka lake, n'kulipukuta ndi chitenje chakale chija monga mwa masiku onse, n'kulowa nalo m'kachisakasa.

Lachitatu mafoni a mumsika anayamba kuthima, imodzi imodzi. Akabaza anasowa makasitomala owaitana, ogulitsa usipa anasowa njira yofunsira mitengo, ndipo apolisi anayamba kuyenda wapansi kukauzana nkhani. Wailesi ya boma inalengeza kuti Pulofesa Mkwapatira wathyola chilombo chimene chinkayamwa magazi a anthu osauka.

Lachisanu m'mawa a Pulofesa anasamba, anavala suti yakuda, anapachika mamendulo, n'kukhala pampando kudikira. Atatenga foni kuti aone nthawi, anapeza kuti yada bii. Anaidina, anaigwedeza, anaiwuzira mpweya. Foni inali itafa.

"Iwe! Foni iyi sunatchaje bwanji?"

Mesenjala wamkulu anavula chipewa.

"Ndikatchaje kuti, bwana?"

Kunyumba kwawo magetsi anali asanaoneke chiyambire mwezi. Jenereta inalipo, koma mafuta ake ndi aja otchipa aja. Galimoto batire lake linafa kale chifukwa chosaliza injini. Ku Kwayera magetsi analiko, koma kukwera phiri tsiku loimba foni ndi kupempha mpando, ndipo wopempha mpando ku Ndiweyani amapatsidwa ndende. Anazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Kenako, poti miyendo ya amesenjala inazolowera njira imodzi yokha, anangoti, "Kankhani, tiyeni kumsika."

Anamupeza Nazimbiri pamalo ake omwe aja. Theka la sola lija analigoneka pa njerwa, ndipo pamwamba pake anayalapo timilu ta tomato. Tomatoyo anali wa m'dimba lake lomwe lija. Ankachita kukaoda m'bandakucha kwa munthu amene anamugulitsa dimbalo.

A Pulofesa anatsika m'galimoto. Msika wonse unasiya zimene unkachita.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, bwana, kaya inu?"

"Ndili bwino. Ndimati... kafoni kangaka. Pali foni yofunika kwambiri imene ndikuyembekeza lero. Mwina muli ndi kanjira kena."

Nazimbiri anapukuta manja, anawerama pang'ono, n'kulandira foni ija ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Anasuntha mulu umodzi wa tomato n'kuigoneka pagalasi long'alukalo, padzuwa.

"Ingodikirani, bwana. Theka linalo likangoyamba kupikisana ndi ili, idzaza."

A Pulofesa anayang'ana foni. Anayang'ana galasi lopanda waya ndi mmodzi yemwe. Anayang'ana anthu amene anawazungulira, omwe onse analipo tsiku la mlandu, ndipo onse anamva chigamulo. Kutenga foniyo n'kuchoka kunali kuvomera pamaso pa msika wonse kuti theka la sola ndi thabwa chabe. Munthu wina anawabweretsera kreti ya mabotolo n'kuitembenuza. Anakhala pansi.

Dzuwa linakwera. Suti yakuda inayamba kugwira ntchito yake, thukuta n'kumatsikira m'mamendulo. Amayi ogula tomato ankafika, kupereka moni kwa a Pulofesa, kusankha mulu wawo n'kumapita akutsinana. Kaduya anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi n'kubwera kudzasuzumira.

"Yafika pati, bwana?"

"Msika umatenga nthawi kuti ukhazikike," anayankha a Pulofesa, maso ali pansi.

"Zoona zimenezo, bwana. Ifenso magetsi tikudikirabe."

Dzuwa litapendeka kunamveka ng'oma. Wolengeza wa mfumu analowa mumsika akufuula, popeza mawailesi ambiri anali atathima pamodzi ndi mafoni.

"Tamverani, tamverani! Mfumu Sindilakwa yaimbira foni Pulofesa Mkwapatira kuti akhale Nduna ya Kuwala, ndipo yapeza foni yake ili yothima! Poti iye wakana, mfumu mwachisoni yapereka mpandowo kwa a Dyeratu! Bwalo la Mpikisano, poti lamaliza ntchito yake, latsekedwa!"

Amesenjala anayang'anana. Wamkulu uja anafika pafupi, anavulanso chipewa, n'kunena kuti pepani bwana, galimotoyi ndi ya boma. Anaitembenuza n'kuyamba kuikankhira kuphiri, yopanda munthu, ndipo inkaoneka kuti yapepuka.

A Pulofesa anatsala pakreti paja. Palibe anawanyoza, palibe anawaponyera kanthu. Anthu anangobwerera ku malonda awo. Patapita kanthawi a Pulofesa anatembenukira kwa Nazimbiri.

"Mayi, makampani atatu aja ndi banja limodzi. M'mawaya awo mulibe kanthu. Inu munalibe mlandu."

Mawuwo anali oona, ndipo anawanena bwino, monga ankanenera ku Kadziwe. Nazimbiri anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anaona mayi wina akubwera ndi dengu.

"Ndamva, bwana," anatero. "Tasunthani foniyo pang'ono, ikutchinga tomato."

A Pulofesa anaisuntha.